Phiri la Stephanie m'Chithunzi cha Thomas Baines

Mwa zithunzi zakale zojambula pamanja zoonetsa mapiri a m'dziko la Mozambique, chimodzi chofunika kuchidziwa ndi cha phiri la Stephanie, lomwe lili m'chigawo cha Tete pafupi ndi mathithi a Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi. Anachijambula ndi Thomas Baines, Mngelezi wobadwira ku King's Lynn mu 1820, yemwe anali wojambula komanso wosunga katundu pa ulendo wa David Livingstone umene unafika pa Zambezi mu 1858, ndipo chithunzicho chimasungidwa ndi bungwe la Royal Geographical Society ku London.

Chithunzi cha malo chimaonedwa m'magawo atatu: zapafupi, zapakati ndi zakutali. Wojambula amapaka zapafupi ndi utoto wolimba kuti mwala uliwonse uoneke bwino, koma phiri lakutali amalipaka mofewa, mobiriwira ngati thambo, chifukwa mpweya ndi fumbi la pakati pa diso ndi phirilo zimazimiritsa mtundu wake weniweni. Baines ankakondanso kuika anthu aang'onoang'ono m'zithunzi zake kuti woona ayerekezere kukula kwa matanthwe, ndipo kawirikawiri ankayamba ndi pensulo kapena utoto wosungunula m'madzi ali pamalopo, kenaka n'kudzajambula pachinsalu ndi utoto wa mafuta.

Komabe kukongola sikunali cholinga choyamba, popeza zithunzi za ulendowu zinali umboni pa funso limene boma la Britain linalipirira ndalama: kodi sitima ingayende pa Zambezi mpaka m'kati mwa Africa? Mu 1856 Livingstone anawalambalala mathithiwo osawaona, n'kukauza anthu kwawo kuti mtsinjewo ndi njira ya malonda ndi Chikhristu, koma atabwerera mu Novembala 1858 ndi sitima ya Ma Robert anapeza matanthwe otsekereza njirayo. Choncho miyala imene lero imasangalatsa woona inali uthenga wowawa kwa mwini ulendo. Dzina la phirilo nalonso ndi la ndale, pakuti Livingstone analitcha Stephanie polemekeza mfumukazi ya Portugal, mkazi wa mfumu Pedro V; mfumukaziyo inamwalira mu 1859 isanaponde m'derali. Apwitikizi a ku Tete ndiwo anali ofunika kuwakondweretsa, osati eni nthaka.

Mu 1859 momwemo Livingstone anamuchotsa ntchito Baines pomuganizira kuti ankaba katundu, mlandu umene iye anaukana mpaka imfa yake ku Durban mu 1875 ndipo olemba mbiri ambiri amauona kuti unalibe umboni. Pamene ulendowo unakhotera ku mtsinje wa Shire n'kufika kunyanja ya Niassa mu Seputembala 1859, Baines sanali nawo, ndiponso pamene Livingstone anadutsa m'dziko la Ayao kwa mfumu Mataka ku Mwembe pa ulendo wina mu 1866 analibe katswiri wojambula, kotero mapiri a Niassa analowa m'mabuku a maulendowo kudzera m'mawu ndi m'mapu. Ku Tete malowo anasintha, popeza damu la Cahora Bassa, lomwe linatsekedwa mu 1974, linamiza mbali ina ya mathithiwo.