Zodabwitsa 12 za maulendo zoti mukasimbire anzanu ku Mitundu ndi ku Nathenje

Munthu amene wayenda bwino sabisika. Asanavule n'komwe nsapato wayamba kale kumasula chikwama: apa usipa wa ku Senga Bay, apa chitenje cha ku Chipata, apa nambala ya amene anamukonzera ulendo. "Mukafuna kupita, imbirani ameneyu, sanama." Nanunso khalani ndi zosimba. Nazi zodabwitsa 12, ndipo yesani kulota yankho musanafike kumapeto kwa chilichonse.

1. Tikiti imodzi, mayiko angati? Imani pa Nathenje m'mbali mwa M1, chimanga chootcha chili m'manja. Basi yaikulu ija yadutsa ndi liwiroyo ndi ya ku Joni. Ikatuluka pa chipata cha Dedza iwoloka Zambezi ku Tete, ilowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, idutsa Harare, iwoloka Limpopo pa Beitbridge, n'kukatula anthu ku Park Station ku Johannesburg. Mwawerenga? Mayiko anayi. Zimene alendo a kutsidya kwa nyanja amasungira ndalama chaka chathunthu, achimwene anu amazionera pawindo.

2. Wotchi yanu musaikhudze. Malawi, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Zambia, onsewa nthawi yawo ndi imodzi. Ikakwana 12 koloko pamsika wa Mitundu, yakwananso ku Cape Town. Koma mukangowoloka mlatho umodzi wokha, wa Songwe ku Karonga, n'kuponda Tanzania, ola lathunthu lapita. Wokonza ulendo wodziwa ntchito amakuuzirani izi musananyamuke, kuopa kuti basi ya ku Dar es Salaam ingakusiyeni mukumwa tiyi.

3. Womasulira muli naye kale. Ku Chipata mugula nsima m'Chichewa. Ku Lusaka mutsutsana mtengo m'Chinyanja. Ku Angonia m'chigawo cha Tete mulonjerana ngati muli kwanu. Nanga ku Zimbabwe? Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndipo mu Ogasiti Achewa a mayiko atatu amakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pasipoti ili m'thumba, koma m'makutu muli kwanu.

4. Ulendo wakunja waufupi zedi ndi wautali bwanji? Lotani. Kungodumpha msewu basi! Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene M1 ndiyo malire a dziko. Pa Lizulu mutha kugula kabichi mbali ino ya Malawi, n'kukatenga kachewere mbali inayo ya Mozambique, minibasi yanu ikadali kuyembekeza kudzaza. Mukafika kunyumba nenani molimba mtima kuti ndiwo za lero zachokera m'mayiko awiri.

5. Kampani imene inkakweza ndege anthu a m'midzi kalekale sinali ya maulendo okasangalala. Inali Wenela, yolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Anyamata ankauluka kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitiriza pa sitima. Mu Epulo 1974 ndege yake inagwa komweko, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba kuja. Dzina linatsala pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Funsani agogo aamuna m'mudzi mwanu: mwina anaona mitambo kunsi kwawo inu musanabadwe.

6. Sitima ya Ilala inafika bwanji pa nyanja yathu, popeza inapangidwa ku Scotland? Inaphwasulidwa zidutswazidutswa, inawoloka nyanja yamchere mpaka ku Mozambique, kenaka zidutswazo zinakwezedwa pa njanji. Anailumikiza kuno, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikuzungulira madoko ngati Monkey Bay, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba, itanyamula anthu, matumba a ufa ndi mbuzi. Uzani anzanu motere: sitima yapamadzi inabwera itakwera sitima yapamtunda.

7. Mutha kutuluka m'Malawi kuti mukalowenso m'Malawi. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi zathu, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Pa Likoma, gombe la Mozambique limaoneka pafupi ngati phiri la Bunda mukakhala pa Mitundu, pomwe gombe la kwathu lili kutalitali. Ndipo pa kachilumba kameneka pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Ofika koyamba amaima pakhomo kukamwa kuli yasa.

8. Apaulendo olemera thupi kuposa onse m'dziko muno anali ndani? Njovu. Mu 2016 ndi 2017, bungwe la African Parks linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita kunkhalango ya Nkhotakota. Ankazibaya mankhwala ogonetsa ali mu helikoputa, n'kuzikweza m'malole banja ndi banja, mayi osasiyana ndi mwana wake. Kodi zinakhutira ndi ulendowo? Umboni ulipo: zitafika zinakhazikika, n'kuyamba kuswana.

9. Alendo ena amabwera kwathu kuno osaona, n'kubwerera akuona. Mukapitirira Nathenje, khotani pa Kamphata, msewu ukufikitsani ku Nkhoma, mishoni imene a Dutch Reformed Church anatsegula mu 1896 patsinde pa phiri. Chipatala chake n'chotchuka pochotsa ng'ala m'maso, moti odwala amachokera ngakhale ku Mozambique. Gogo amabwera atagwiridwa dzanja ndi mdzukulu, pobwerera ndiye akuloza phiri. Kodi pali wapaulendo wina wokhutira kuposa ameneyu?

10. Chuma cha dziko lonse lapansi chili pamphuno panu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Zofiira anajambula Akafula, zoyera Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Mukachoka apo tsikani Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, mukafike ku Mua, mishoni ya mu 1902, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. Kumeneko kuli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Kadzutsa pa Nathenje, nkhomaliro pa Dedza, mgonero m'mphepete mwa nyanja. Tsiku ndi limodzi lomwelo.

11. Mlendo akamasamba mu hotela ya mumzinda wa Lilongwe, madziwo achokera kuti? Kuseri kwa Mitundu! Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, m'malire ndi Mozambique, n'kudzasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde asanalowe m'mipope ya m'tauni. Nkhalango yomweyo, ya mitengo ya mombo ndi masuku, imakopa alendo ochokera kutali odzaona mbalame. Choncho thumba lililonse la makala lotuluka m'menemo mozemba likuphwetsa mpopi ndipo likuthamangitsa mlendo. Tiisamale, ndi nkhokwe yathu.

12. Katswiri wokonza maulendo woposa onse mwina mumapemphera naye. Ndi mayi msungichuma wa Chigwirizano kapena wa banki m'khonde, amene amasonkhetsa pang'onopang'ono kuyambira nthawi yokolola, n'kubwereka basi, kulemba mayina m'kope, kulongedza mpunga ndi nkhuku, gulu lonse ulendo wa ku Salima. Sasiya munthu pa siteji, ndipo tambala iliyonse ili ndi mzere wake. Ofesi ya maulendo ya m'tauni muiyeze ndi muyezo womwewo. Ili ndi chiphaso cha boma? Ikupereka risiti? Yakulemberani kogona kulikonse ndi nthawi yonyamukira? Yakukumbutsani kutenga chitupa cha unzika, popeza ku Liwonde ndi ku Majete Mmalawi amalipira zochepa pa geti kuposa mlendo wakunja? Nanga foni idzayankhidwa usiku mutasowa njira? Safunsa anadya phula. Mvetserani bwino obwera ku ulendo atakhutira: za bedi lofewa amazitchula kamodzi, koma amabwereza katatu kuti "titafika tinapeza munthu akutidikirira."

Musaunjike malo ambiri pa ulendo umodzi, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sankhani atatu, funsani amene anapitako, yambani kusonkha mwezi uno. Msika wa Mitundu ukadzakumananso, osimba mudzakhale inu.