Chifukwa chake silinda ya gasi sadzaza mpaka pakamwa

Mabanja ambiri m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu ayamba kuphikira gasi pothawa kukwera mtengo kwa makala ndi kuthimathima kwa magetsi. Koma si onse amadziwa chifukwa chake ogulitsa amasiya mpata m'silinda. Yankho lagona pa malamulo a mpweya ndi pamene malamulowo amathera mphamvu.

M'chaka cha 1662, Robert Boyle anapeza kuti mpweya ukapanikizidwa kulowa m'theka la malo ake, mphamvu imene umakankhira makoma a chotengera imawirikiza kawiri, bola kutentha kusasinthe. Pambuyo pake Jacques Charles ndi Joseph Gay-Lussac anaonetsa kuti mpweya ukatenthedwa umafufuma, ndipo ukakhala wotsekeredwa umakankha kwambiri. N'chifukwa chake matayala a galimoto ayenera kuyezedwa asanatenthe ndi ulendo.

Malamulowa amayerekeza kuti tizidutswa ta mpweya, totchedwa mamolekyu, n'tating'ono moti malo amene timatenga sawerengeka, kuti sitikokana, ndiponso kuti tikagundana sititaya mphamvu. Mpweya wangwiro chotere kulibe, koma wa m'tayala umayandikirako chifukwa tizidutswa take n'totalikirana.

Zinthu zimasintha mpweya ukapanikizidwa kwambiri kapena ukazizira. Tizidutswa timayandikana, n'kuyamba kukokana, mpaka mpweyawo umasanduka wamadzimadzi. Johannes van der Waals wa ku Netherlands ndiye anakonza masamu ake mu 1873 poganizira zimenezi.

Izi ndi zimene zili m'silinda ya kukhitchini. Gasi wake, wa propane ndi butane, amakhala wamadzimadzi, ndipo mukaigwedeza mumamva akukhavuka. Lita imodzi imatulutsa malita pafupifupi 250 a mpweya. Malinga ngati madziwo alimo, mphamvu yokankha sitsika ngakhale gasi akutha, n'chifukwa chake amagulitsidwa pa sikelo, m'makilogalamu.

Ngozi yake ili apa: madziwo amafufuma akatenthedwa, koma sapanikizika ngati mpweya. Choncho silinda imadzazidwa pafupifupi 80 peresenti yokha. Yodzaza mopitirira ikasiyidwa padzuwa la mu Okutobala, madzi amatseka mpata wonse ndipo mphamvu imakwera mwadzidzidzi, zimene zingatulutse gasi kapena kung'amba chitsulo.

Mpata umenewo si kuba kwa wogulitsa. Onetsetsani sikelo pogula, ndipo sungani silinda choimika, pamthunzi, podutsa mphepo, kutali ndi mbaula.