Galu wanu adye chakudya chochuluka bwanji pa tsiku?

Alimi ambiri timadalira galu kulondera nkhokwe, khola la mbuzi ndi nkhuku, koma malipiro ake amangokhala mkute ndi makoko a m'poto. Galu wanjala salondera. Amamwa mazira, amagwira anapiye, amathyola dowe m'minda ya eni, ndipo poyendayenda m'midzi amakalumana ndi agalu achiwewe. Nzeru ndi kumuyezera chakudya monga tichitira ndi feteleza.

Choyamba dziwani kulemera kwake. Kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenaka kwerani nokha, n'kuchotsera.

Akatswiri a ziweto amayeza mphamvu ya chakudya m'makalori. Galu wamkulu wa makilogalamu 10 amafuna makalori pafupifupi 700 pa tsiku, wa 15 amafuna 1,000, wa 20 amafuna 1,200, pamene wa 30 amafuna 1,600. Taonani kuti galu wa makilogalamu 20 sadya kuwirikiza kawiri wa 10, chifukwa thupi laling'ono limataya kutentha msanga.

Tsono titenge galu wa makilogalamu 15, msinkhu wa agalu ambiri a m'midzi mwathu. Magalamu 100 a ufa wa mgaiwa ali ndi makalori pafupifupi 360. Muphikireni nsima ya magalamu 200, omwe ndi ngati kapu imodzi ndi theka. Onjezani magalamu 60 a usipa kapena matemba ouma, ndi supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira. Pamenepo mwafika pa 1,000. Gawani kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi abwino asasowe.

Nsima yokha siikwanira popeza ilibe zomanga thupi zokwanira. Usipa ukadula, gwiritsani ntchito soya wokazinga ndi kugayitsa, kapena zam'kati zophika zochokera kwa opha nyama. Madeya amangodzaza mimba, ambiri amatuluka osagayika.

Galu wosaka nyama muwonjezereni. Woyamwitsa amafuna kuwirikiza kawiri kapena katatu, apo ayi amauma ngati mtengo. Ana agalu adye pang'onopang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku.

Pakatha masabata awiri, sisitani m'mbali mwake. Nthiti zizimveka m'manja koma zisawerengeke ndi maso muli patali. Zikaoneka, onjezani chakudya pang'ono. Zikapanda kumveka, chepetsani. Ngati akudya bwino koma sakunenepa, kawirikawiri zimakhala njoka za m'mimba, choncho kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu. Muli komweko funsaninso za katemera wa chiwewe.

Chenjezo: musamupatse chimanga cha chuku, chifukwa poizoni wake amaononga chiwindi ndipo amapha agalu. Anyezi amaononga magazi ake, pomwe mafupa a nkhuku ophika amasweka n'kubaya matumbo.

Ufa wa magalamu 200 pa tsiku ndi makilogalamu 6 pa mwezi, kapena 73 pa chaka, pafupifupi thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50. Musanalandire kagalu kachiwiri kapena kachitatu, yambani mwasuzumira m'nkhokwe. Galu mmodzi wokhuta amalondera bwino kuposa atatu anjala.