Mabuku Oyenera Kuŵerenga pa za Wicca ndi Ufiti



Masiku ano ana athu amakumana ndi mau akuti Wicca, ena ku sukulu za kunja, ena pa intaneti ali konkuno. Kholo likapeza buku lotere m'chikwama cha mwana, mtima umagunda, nkumati: "Kodi mwana wanga waloŵa ufiti?" Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tisanaweruze tiyambe taŵerenga, koma tiŵerenge mabuku oyenera.

Mau amodzi a Chingerezi amene timamasulira kuti ufiti amanena zinthu zitatu zosiyana. Buku labwino limafotokoza poyera chimene likukamba mwa zitatuzo.

Choyamba ndi Wicca, chipembedzo chatsopano chimene chidabadwira ku England. Lamulo loletsa ufiti litachotsedwa kumeneko mu 1951, Gerald Gardner adatulutsa buku lotchedwa Witchcraft Today mu 1954. Otsatira ake amapembedza mulungu wamkazi ndi mulungu wamwamuna, ndipo miyambo yao imatsata nyengo za chaka ndi kuoneka kwa mwezi. Gardner ankati chipembedzochi nchamakedzana, potsamira maganizo a Margaret Murray a m'buku lake la 1921, koma akatswiri a mbiri atafufuza sadapeze umboni wake. Wofuna mbiri yoona aŵerenge The Triumph of the Moon, buku la Ronald Hutton wa ku yunivesite ya Bristol, la 1999. Za kufalikira kwake ku America zili m'buku la Margot Adler, Drawing Down the Moon, la 1979, koma muŵerenge mukudziŵa kuti mai ameneyu anali wa chipembedzo chomwecho.

Chachiŵiri ndi milandu ya ufiti ya ku Ulaya. Pakati pa 1450 ndi 1750, anthu oposa 40,000 adaphedwa kumeneko, ambiri mwa iwo amai. Buku lina lotchedwa Malleus Maleficarum, lolembedwa cha mu 1486, lidasonkhezera moto umenewu. Tisabise: mlembi wake, Heinrich Kramer, anali wa chipani cha Dominiko woyera. Koma mu 1631 wansembe wina wa chipani cha Ajezuiti, Friedrich Spee, adalemba Cautio Criminalis. M'menemo adasonyeza kuti munthu akamazunzidwa amavomera mlandu uliwonse, natchula ndi anzake osalakwa omwe, pofuna kuti ululu uthe. Buku la Kramer lidathandiza kupha, la Spee lidathandiza kupulumutsa. Nchifukwa chake kusankha buku si nkhani yamaseŵera ai.

Chachitatu ndi ufiti monga timaukambira kuno kwathu. Max Marwick adakhala pakati pa Acheŵa a kumvuma kwa Zambia, nalemba Sorcery in its Social Setting mu 1965. Iye adapeza kuti kaŵirikaŵiri wonenedwa ufiti amakhala mbale wa m'banja momwemo, ndipo mkangano umakhala ulipo kale maliro asanagwe. Bambo J.W.M. van Breugel, amene adatumikira m'Malaŵi muno, adalongosola za mizimu, maula ndi ufiti m'buku lao la 2001, Chewa Traditional Religion. Mkatekisiti amene amaitanidwa pakabuka mlandu wa ufiti m'mudzi adzapindula nawo mabuku aŵiriŵa kuposa buku lililonse la Wicca.

Nanga buku lina likagwa m'manja mwanu, mudzaliyesa bwanji? Funsani mafunso atatu. Kodi mlembi ndani, ndipo iye mwini aima mbali iti? Kodi akutchula kumene adatenga zimene akunena, kapena akungoti "anthu amati"? Kodi bukulo likulongosola, kapena likuphunzitsa kuchita? Buku la Scott Cunningham la 1988, Wicca: A Guide for the Solitary Practitioner, nlotchuka ndithu, koma cholinga chake nkuphunzitsa munthu kuchita yekha miyamboyo. Buku lotere si loyambira mwana.

Eklezia wanena momveka. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2116 ndi 2117, amaletsa kuombeza ndi matsenga a mtundu uliwonse, ngakhale ochitidwa pofuna kuchiritsa mnzako. Mu 2003 ku Vatican kudatulukanso chikalata chotchedwa Jesus Christ, the Bearer of the Water of Life, chokamba za zipembedzo zatsopano zotere. Kuŵerenga kuti umvetse nkosiyana ndi kuchita. Ndipo Mulungu yemweyo amene adaletsa matsenga m'lamulo loyamba adaletsanso umboni wonama m'lamulo lachisanu ndi chitatu.

Tsono mukapeza buku lija m'chikwama, musathamangire moto kapena ndodo. Khalani pansi ndi mwanayo, mumfunse chimene akufunafuna, muŵerengere limodzi. Mukapanda kumvetsa, pitani nalo kwa bambo mfumu. Mwana womutcha mfiti amathaŵa pakhomo, pamene womvetseredwa amabwera kudzafunsanso.

Mzimu Woyera atiunikire tonse. Amen.