Pemphero Loyenda Ndi Mapazi

Chaka ndi chaka pa 3 June namtindi wa anthu umasonkhana ku Namugongo m'dziko la Uganda, kumene Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa pamoto mu 1886 chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Ambiri amafikako wapansi, atayenda masiku ambiri akupemphera kolona ndi kuimba.

Ulendo wotere utikumbutsa kuti thupi ndi mzimu zimadalirana. Kuyenda kumalimbitsa mtima, kumatsitsa kuthamanga kwa magazi ndipo kumathandiza kupewa nthenda ya shuga. N'chifukwa chake mu 2020 bungwe la World Health Organization linalangiza munthu wamkulu aliyense kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Pemphero lobwereza mofatsa limadekhetsa kapumidwe kathu, nkhawa n'kuphwa. Kuyendera limodzi nako kumathamangitsa kusungulumwa, kumene kumakulitsa matenda a maganizo.

Sikofunika kuti tonsefe tikafike ku Uganda. Popita ku Misa kapena ku Mphakati tiyende wapansi, tidzere mnzathu amene wadzitsekera m'nyumba ndi chisoni. Koma wodwala asaleke mankhwala a kuchipatala, pakuti nzeru za sing'anga nazonso ndi mphatso ya Mulungu.