Kuphunzira kupanga magemu a pafoni ndi pakompyuta

Gemu iliyonse yoseweredwa pafoni kapena pakompyuta imachokera ku ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kukonza malamulo: wosewera akufuna chiyani, akuloledwa kuchita chiyani, chomutsekereza n'chiyani, ndipo amapambana kapena kugonja motani. Yachiwiri ndi kulemba pulogalamu yoti makina azitsatira malamulowo mosaphonya. M'makampani akuluakulu ntchitozi zimagwiridwa ndi anthu osiyana, kuphatikizapo ojambula, opeka nyimbo ndi oyesa gemu, moti gemu imodzi imatha kufuna anthu mazanamazana kwa zaka zingapo. Wophunzira yekha ndiye amasenza zonse pamutu umodzi.

Luso lokonza malamulo ndi lakale kuposa kompyuta. Bawo ili ndi maenje 32 m'mizere 4, malamulo ake sasinthasintha, komabe madoda amaisewera pansi pa mtengo kwa zaka zambiri osatopa nayo. Chimawakoka n'chakuti nthawi iliyonse pali chosankha, ndipo kusankha molakwika kumaonekera pompo mnzako akakudyera. Wokonza gemu amasaka chomwechi. Tetris, yomwe Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow m'zaka za m'ma 1980, ili ndi tizidutswa ta mitundu 7 yokha, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi 4. Mulibe nkhani, mulibe munthu, koma liwiro likamakwera wosewera amachita thukuta posankha pogwetsa kachidutswa kotsatira. N'chifukwa chake ophunzitsa ambiri amayambitsa ophunzira awo ndi pepala, makadi ndi timiyala. Lamulo losakoma papepala silidzakoma ngakhale aliveke zithunzi zokongola bwanji, ndipo kulisintha ndi pensulo kumatenga mphindi imodzi pomwe mu pulogalamu kungatenge sabata.

Gawo lovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi kuphunzitsa wosewera popanda kumulankhula. Chitsanzo chomwe ophunzira amachipenda kawirikawiri ndi chigawo choyamba cha Super Mario Bros., gemu ya Nintendo ya mu 1985, yomwe Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka ankajambula zigawo zake pamapepala a timabokosi. Mario amayambira kumanzere, kutsogolo kwake kuli danga, choncho wosewera amadziwa yekha kolowera. Mdani woyamba amabwera pang'onopang'ono pamalo osalala, ndipo kuti amupewe wosewera ayenera kulumpha. Bowa woyamba akatuluka amagunda paipi n'kubwerera kwa Mario, mwakuti n'kovuta kumuzemba, ndipo wosewera amazindikira kuti bowayo ndi wothandiza. Zonsezi zimachitika m'kamphindi kochepa, popanda chiganizo ngakhale chimodzi cholangiza.

Kumbali ya pulogalamu, mtima wa gemu ndi mzungulire wa zinthu zitatu. Makina amaona batani lomwe ladinidwa, amawerengera pomwe chinthu chilichonse chafika, kenako amajambula chithunzi chatsopano pasikirini. Akatero amayambiranso. Magemu ambiri amazungulira chonchi ka 30 kapena ka 60 pa sekondi, ndipo pa liwiro la ka 60 ntchito yonseyo iyenera kutha m'tigawo pafupifupi 17 mwa tigawo 1,000 ta sekondi. Ikachedwa, gemu imaoneka ngati ikutsimphina.

Gemu ya njoka ya m'mafoni a Nokia, yomwe Taneli Armanto analemba mu 1997, imaonetsa bwino mmene makina amaonera zinthu. Kwa wosewera, njoka ikuyenda. Kwa pulogalamu, njokayo ndi mndandanda wa timabokosi, kalikonse kali ndi manambala awiri osonyeza pomwe kali, chopingasa ndi chotsika. Pa sitepe iliyonse pulogalamu imaika kabokosi katsopano kumutu n'kuchotsa ka kumchira. Njoka ikadya chakudya, ka kumchirako sikachotsedwa, ndiye kutalika kwake kumeneko. Manambala a mutu akafanana ndi a khoma kapena a kabokosi kena ka thupi, gemu yatha. Wolemba gemu yaying'onoyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza amakhala wakhudza maziko onse a kulemba mapulogalamu: kusunga manambala, kusunga mindandanda, kuyesa ngati chinthu chachitika, ndi kubwereza.

Masamu ofunika poyamba saposa a kusekondale. Mtunda ndi liwiro kuchulukitsa ndi nthawi, ndipo kulumpha ndi liwiro lokwera lomwe limachepetsedwa pang'onopang'ono mpaka munthu atayamba kugwa. Pali msampha umodzi womwe umakola pafupifupi aliyense. Wophunzira akalamula kuti galimoto izisuntha mtunda wakutiwakuti pa chithunzi chilichonse, imathamanga kwambiri pafoni yamphamvu n'kumakwawa pa yofooka. Mankhwala ake ndi kuchulukitsa liwiro ndi nthawi yomwe yadutsa kuchokera pa chithunzi chapitacho.

Masiku ano ndi ochepa omwe amalemba zonse okha. Ambiri amagwiritsa ntchito injini, pulogalamu yokonzedwa kale yomwe imasamala zojambula, phokoso ndi kugundana kwa zinthu. Ana ndi oyamba kumene amathandizidwa ndi Scratch, yomwe inatuluka ku yunivesite ya MIT mu 2007. Ndi yaulere, imatheka kuigwiritsa ntchito popanda intaneti, ndipo malamulo amalumikizidwa ngati njerwa m'malo molembedwa. Godot, yomwe Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina anaitsegulira anthu onse mu 2014, ndi yaulerenso, ndipo chiyankhulo chake cha GDScript chimafanana ndi Python. Ubwino wake kwa amene ali ndi laputopu yakale ndi bandulo yochepa ndi wakuti ndi yaing'ono kuitsitsa ndipo siilemetsa makina. Unity, ya mu 2005, imagwiritsa ntchito chiyankhulo cha C# ndipo magemu ambiri a pafoni amapangidwira mmenemo. Unreal Engine ya kampani ya Epic Games imalembedwa ndi C++, imatulutsa zithunzi zochititsa kaso, koma imafuna kompyuta yamphamvu. Oyamba kumene amataya miyezi akukangana za injini yabwino koposa, pomwe zomwe munthu waphunzira mu imodzi zimakagwiranso ntchito mu inzake. Chingerezi chowerenga chimafunika ndithu, popeza malangizo ambiri a zidazi ndi mauthenga onena za zolakwika amalembedwa m'chiyankhulocho.

Chogwetsa ophunzira ambiri ndi kulakalaka zazikulu msanga. Wokonda gemu ya mpira kapena Grand Theft Auto amafuna yake yoyamba ifanane nazo, osadziwa kuchuluka kwa anthu omwe anazigwirira ntchito. Pong, gemu yomwe inatchukitsa kampani ya Atari mu 1972, inayamba ngati ntchito yoyeserera yomwe Nolan Bushnell anapatsa injiniya wake watsopano, Allan Alcorn: timitengo tiwiri, kampira kamodzi ndi zigoli. Njira yodalirika ikadali yomweyo. Wophunzira apange Pong, kenako njoka, kenako gemu yolumphalumpha ya chigawo chimodzi, ndipo iliyonse aimalize, ikhale ndi poyambira, zigoli, phokoso ndi pothera. Makanema ophunzitsa a pa YouTube amathandiza, koma wongokopera zomwe akuona amasowa pogwira akatsegula tsamba lopanda kanthu. Phunziro limakhazikika akatseka kanemayo n'kusintha lamulo limodzi payekha, gemu n'kuwonongeka, iye n'kufufuza chomwe chalakwika.

Gemu ikayamba kuseweredwa imaperekedwa kwa munthu yemwe sanaionepo, mwiniwake n'kukhala chete pambali. Pomwe wosewerayo wasokonezeka, cholakwa ndi cha gemu, ndipo kumufotokozera ndi pakamwa kumangobisa vutolo. Mipikisano yopanga gemu m'masiku ochepa imaphunzitsa zomwezi mwachangu. Ludum Dare inayamba mu 2002, ndipo Global Game Jam, yomwe inayamba mu 2009, imasonkhanitsa timagulu m'maiko ambiri kuti tipange gemu m'maola 48 pa mutu umodzi.

Kufika pa gemu yogulitsa kumatenga nthawi yaitali. Eric Barone anagwira yekha ntchito ya Stardew Valley kwa zaka zinayi ndi theka, akulemba pulogalamu, kujambula ndi kupeka nyimbo, mpaka inatuluka mu 2016. Chaka chomwecho kampani ya Kiro'o Games ya ku Cameroon inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan, yozikidwa pa zikhalidwe za mu Africa, ndipo Free Lives ya ku Cape Town inali itatulutsa kale Broforce mu 2015. Magemu ambiri sabweza ndalama zomwe analowetsamo, koma luso lolemba mapulogalamu lomwe munthu watolamo limagwiranso ntchito kubanki, kukampani ya mafoni ndi kwina. Wofuna kuti anthu aone gemu yake akhoza kuiika pa itch.io kwaulere. Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi kokha polembetsa, pomwe Steam imafuna madola 100 pa gemu iliyonse.