Nyale ya injini ikayaka pa galimoto yosinthidwa, musanagule sensa yatsopano

Nyengo yogulitsa nandolo ndi chimanga ikafika ku Milange, galimoto zonyamula katundu sizipuma. M'mawa zimalowa m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine, masana zili pa msewu wa ku Mocuba kapena pa chipata cha Muloza. Zambiri zinachokera ku Japan zitagwirapo kale ntchito, ndipo ndi zochepa zimene zidakali momwe zinatulukira ku fakitale. Ina anaiwonjezera masipuling'i kuti isenze matumba ambiri, ina anaitalikitsa bodi, ina anaidula paipi ya utsi n'kuwotchererapo ina. Pa galimoto zotere, kanyale kachikasu kojambulidwa ngati injini, kena kolembedwa CHECK, kamayaka pa dashibodi osazimanso. Madalaivala ambiri amangokazolowera, ena amamatapo tepi yakuda. Koma nthawi zambiri galimotoyo imakhala ikumwa petulo wopyola muyeso, ndipo ndalama yake imachoka pa phindu la ulendo uliwonse.

Amakaniko akaona nyaleyi amathamangira kutchula sensa ya okosijeni. Mwini galimoto ayambe wadziwa injini yake. Malole akale a dizilo, monga Canter ndi Dyna za pampu wamba, alibe sensa imeneyi. Imapezeka makamaka pa galimoto za petulo zoyendera kompyuta, monga Hilux ya petulo, TownAce, LiteAce, Bongo ndi Suzuki Carry.

Sensayi ndi kachitsulo kofanana ndi pulagi, komangidwa pa paipi ya utsi pafupi ndi injini. M'masitolo a ku Mocuba ndi Quelimane imadziwika ndi dzina la Chipwitikizi loti sonda lambda. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo inaipanga, ndipo galimoto za Volvo zinayamba kuigwiritsa ntchito mu 1976. Ntchito yake ndi kuyeza okosijeni wotsala mu utsi. Petulo amapsa bwino gawo limodzi likasakanizika ndi magawo 14.7 a mpweya, poyeza kulemera kwake. Okosijeni akachuluka mu utsi, sensa wamba imatumiza magetsi ochepa, pafupifupi ma volt 0.1, ndipo kompyuta imawonjezera petulo. Akachepa, magetsi amakwera kufika pa 0.9, kompyuta n'kuchepetsa petulo. Zimenezi zimachitika mobwerezabwereza ulendo wonse. Sensa sigwira ntchito isanatenthe kupitirira madigiri 300, n'chifukwa chake zambiri zili ndi kawaya kotenthetsa m'kati mwake.

Choncho sensa ndi mthenga chabe. Imanena zimene yapeza mu utsi. Paipi ikasinthidwa, uthenga umasintha ngakhale sensayo ili yabwinobwino, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimatayikira.

Vuto lofala kwambiri ndi kabowo pa malo owotcherera. Wowotcherera akasiya kampata pakati pa injini ndi sensa, utsi umatuluka, komanso mpweya wakunja umalowa, chifukwa utsi umayenda modukizadukiza ndipo pakati pake paipi imakoka. Sensa imapeza okosijeni wambiri n'kuuza kompyuta kuti petulo wachepa. Kompyuta imathira wina, pamene injini inali ndi wokwanira kale. Zotsatira zake mapulagi amada, kumapeto kwa paipi kumadzaza mwaye, utsi umanunkha petulo wosapsa, ndipo thanki imatha msanga. Sensa yatsopano ikaikidwa pamenepo idzanenanso zomwezo. Chofunika ndi kutseka kabowoko.

Vuto lachiwiri ndi la chosefera utsi, chomwe amakaniko amati catalisador kapena catalytic converter. Ambiri amachichotsa chikatsekeka, ena amachigulitsa chifukwa m'kati mwake muli zitsulo zodula, platinum, palladium ndi rhodium. Galimoto zatsopanoko zili ndi sensa ziwiri, ina kutsogolo kwa chosefera, ina kumbuyo kwake. Yakumbuyoyo imayang'anira ngati chosefera chikuyeretsa utsi. Chikachotsedwa, sensa ziwirizo zimapeza utsi wofanana, kompyuta n'kuyatsa nyale. Apa galimoto ikhoza kumayenda bwino ndithu, ndipo kamwedwe ka petulo sikasintha kwambiri. Choipa chake n'chakuti nyale yoyaka tsiku lililonse imabisa mavuto ena. Tsiku limene pulagi kapena pampu ya petulo yayamba kufooka, dalaivala sadziwa, chifukwa nyale inali chiyakire.

Mawaya nawo amavutika pa misewu ya kumidzi. Bodi ikakwezedwa kapena paipi ikasunthidwa, waya wa sensa amakokeka kapena kugona pa chitsulo chotentha n'kusungunuka. Zitsa ndi miyala zimamudula, ndipo matope a nthawi ya dzinja amalowa m'malo olumikizira. Palinso ena amene amaika injini ya galimoto ina n'kusiya kompyuta yakale, ziwirizo osamvana.

Nanga mwini galimoto ayambire pati? Asalole kuti makaniko achotse batire asanawerenge chimene kompyuta yasunga. Kuchotsa batire kumazimitsa nyale pa galimoto zambiri, koma kumafufutanso nambala ya vuto, ndipo pakatha maulendo awiri kapena atatu nyale imabwerera. Pansi pa chiwongolero pali malo olumikizira a mano 16, a dongosolo la OBD-II limene linakhala lamulo ku America mu 1996 n'kufalikira kwina pambuyo pake. Makina owerengera amalumikizidwa pamenepo, ena otchipa amagwira ntchito ndi foni. Galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan sizilankhula ndi makina otchipawa, choncho akalephera si umboni woti kompyuta yafa.

Nambala iliyonse ili ndi tanthauzo. P0171 ikutanthauza kuti petulo akuoneka wochepa poyerekeza ndi mpweya, P0172 kuti wachuluka. P0420 ikunena za chosefera utsi. P0135 ndi ya kawaya kotenthetsa ka sensa yakutsogolo, P0141 ndi ka yakumbuyo. Pa Toyota zakale kwambiri makina safunikanso. Pafupi ndi injini pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Makaniko amalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, amatembenuza kiyi osaliza injini, n'kuwerenga kuthwanima kwa nyale. Nambala 21 ndi ya sensa ya okosijeni, 25 petulo wochepa, 26 wochuluka.

Nambala ikadziwika, ntchito yotsatira ndi ya maso ndi makutu. Injini ili yozizira, makaniko aione paipi yonse kuyambira pa injini. Pamene pakutuluka utsi pamakhala mwaye wakuda. Akailiza, wina atseke kumapeto kwa paipi ndi kansanza kwa masekondi ochepa, ndipo kabowo kamamveka kakutsokomola kapena kuliza mluzu. Izi zichitikire panja, osati m'galaja yotseka. Kenako aone mapaipi a labala olowetsa mpweya, chifukwa akang'ambika amabweretsanso P0171, aonenso sefa ya mpweya, imene imadzaza fumbi msanga m'chilimwe. Pa P0135 ndi P0141 ayambe ndi fyuzi ndi mawaya, kenako ayeze kawaya kotenthetsa ndi mita ya magetsi. Ngati kadukiratu, pamenepo sensa yafadi. Injini ikatentha, magetsi a sensa wamba yabwino amakwera ndi kutsika mofulumira. Akangoima malo amodzi kapena kusuntha mwaulesi, paipi ilibe kabowo, mawaya ali bwino, ndiye kuti sensa yatopa.

Ikafa, ndi bwino kufunsanso chimene chaipha. Injini yomwa oyilo kapena yolowetsa madzi a radiyeta imaikuta ndi zoipa mpaka kuitseka. Silikoni wamba womatira amaiwononganso. Petulo wa m'mabotolo ndi m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, amene akulimbikitsa maulendo ambiri m'malire muno, nthawi zina amakhala wosakanizidwa ndi palafini kapena madzi, ndipo amaipitsa mapulagi, sensa ndi chosefera pamodzi.

Pogula ina, mwini galimoto atenge yakaleyo komanso nambala ya injini. Toyota zambiri zatsopanoko zili ndi sensa yakutsogolo ya mtundu wina, imene kunja imafanana ndi wamba koma imayeza mosiyana, ndipo kuikapo wamba kumasokoneza kompyuta. Mitundu ya mawaya nayo imanyenga. Pa sensa ya Bosch ya mawaya anayi, awiri oyera ndi otenthetsa ndipo wakuda ndiye wa uthenga. Pa ya Denso, yomwe ili pa galimoto zambiri za ku Japan, awiri akuda ndiwo otenthetsa, wa uthenga ndi wa buluu. Wolumikiza wakuda ndi wakuda osafunsa amabwerera kunyumba nyale ikuyakabe. Sipana yake ndi 22, ndipo imamasuka bwino paipi ikafunda pang'ono.

Pali nthawi imene ulendo uyenera kuima. Nyale yachikasu yongoyaka imalola galimoto kukafika ku galaja. Koma ikamathwanima injini ikunjenjemera, ndiye kuti silinda ina sikupsa, petulo wosapsa akupita m'paipi ndipo chosefera chikhoza kutentha mpaka kusungunuka. Nyale yofiira ya oyilo kapena ya kutentha ndi ina, ndipo ikayaka injini izimitsidwe pomwepo. Paipi yodulidwa n'kuthera pansi pa bodi ilinso ndi ngozi yake. Mu utsi muli mpweya wa carbon monoxide, wosanunkha komanso wosaoneka, umene umapweteka mutu, kugonetsa ngakhale kupha. Amene amaupuma ndi dalaivala ndi alimi okhala pamwamba pa matumba, makamaka kumbuyo kukaphimbidwa ndi tenti nthawi ya mvula.

Ntchito ikatha, makaniko afufute nambala ndi makina. Mwini galimoto adzaze thanki, alembe makilomita a pa dashibodi, apite ulendo wake wa masiku onse ndi katundu wofanana, n'kudzazanso pobwera. Malita amene alowa kachiwiriwo awayerekeze ndi amene ankathira pa ulendo womwewo asanakonze.